Odi wa Mufilimu

Panali munthu wina amene ankakhala ku Chirimba, kuseri kwa msika, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Munthuyu anayendetsa thiraki kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Ankapita ku Beira, ku Durban, ku Dar es Salaam, ali awiriwiri ndi wailesi. Ndipo wailesi, abale anga, ndi mnzako wosavuta. Imalankhula tsiku lonse koma sifuna yankho. Ukatopa nayo umangoipotokola khutu, iyo n'kukhala chete, osakwiya.

Atapuma pa ntchito anabwerera kunyumba kwa mkazi wake, Nangozo. Koma chizolowezi cha pamsewu anabwera nacho. Ankamvera mkazi wake monga ankamvera wailesi ija. Nangozo akamalankhula, iye maso ali pa kanema, pakamwa pakungotuluka “eee.”

“Bambo, denga la kukhitchini likudontha.”

“Eee.”

“Mwana wathu wa ku Mzuzu akuti mumuimbire.”

“Eee, eee.”

Tsiku lina Nangozo anafuna kumuyesa. Anaima pambali pa kanema n'kunena kuti, “Bambo, mawa ndikukwatiwa ndi wogulitsa makala uja.”

Mwamunayo anati, “Eee, zili bwino. Tasunthani pang'ono, mwanditchinga.”

Nangozo anasunthadi. Anasuntha mpaka ku Lirangwe, kwa mlongo wake a Ngozo, amene analinso nkhoswe ya banjalo. Mwamuna uja anazindikira kuti watsala yekha pamene tiyi wa m'mawa sanabwere.

Musamuone ngati munthu woipa. Mkazi wake ankamukonda. Nyumba itazizira, iye anawonda, ndipo ankhoswe atamuitana ku Lirangwe anapita atavala jekete. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe a mbali zonse alipo. Tsoka lake, kunyumba yoyandikana kunali wailesi ikuulutsa mpira. Khutu limodzi linapita kumeneko, linalo linalondola linzake.

A Ngozo anamaliza nkhani motere: “Mlamu, mlongo wangayu sakudandaula njala, sakudandaula nkhonya. Akuti m'nyumba mwanu mawu samveka. Pitani mukakonze kamvedwe. Loweruka masana ndibwera naye ndekha. Tikapeza zasintha, atsala. Tikapeza zili chimodzimodzi, ndibwerera naye, ndipo banja lithera pomwepo.”

Iye anati, “Eee, eee,” n'kuwomba m'manja mwaulemu.

Pa mawu onsewo anatolapo atatu okha: mawu samveka, kamvedwe, Loweruka. Ali m'minibasi pobwerera anawagwirizanitsa, ndipo nkhope yake inawala. Anati mumtima, “Komadi! Kakanema kaja kamalira ngati udzudzu wa m'chitini. Mayiyu wakhala akuvutika nako osanena. Bwanji osangondiuza?”

M'mawa mwake analawirira ku Limbe, kusitolo ya zamagetsi. Wogulitsa anali bambo wa kamimba, wa pakamwa pa shuga.

“Madala, takulandirani! Mukufuna masipika a chinkhoswe, a tchalitchi, kapena a pabalaza?”

“A banja.”

“Ndiye mwafika. Mabanja timamanga pompano.”

Anayamba kumuonetsa timasipika tating'ono toika pashelefu, kenako china chachitali chogoneka pansi pa kanema. Munthu uja anapukusa mutu. “Vuto langa ndi lalikulu. Ndikufuna aja oima okha pansi, ngati anthu.”

Oyamba anali a pulasitiki, onyezimira. Akamayimba ankaphethira magetsi ofiira ndi obiriwira. Munthu uja anawagogoda ndi chala, iwo analira ngati chigubu chopanda madzi. Anati, “Ine ndikufuna zomvera, osati zoonera. Kwanga si ku bala ya mowa.”

Achiwiri anali akuluakulu ngati mafiriji. Wogulitsa atakweza voliyumu, magalasi a m'sitolo ananjenjemera, thalauza la munthu uja linayamba kuvina lokha.

“Mwaimva besi imeneyo, madala?” anakuwa wogulitsa. “Imafika m'chiwindi!”

“Ndaimva. Nanga woyimbayo akuti chiyani?”

“Aa, mawu n'ngachiyani, madala? Anthu masiku ano amafuna kugunda.”

“Besi yanuyo yameza munthu. Akumveka ngati wagwera m'chitsime. Ndiponso pabalaza panga m'pang'ono, malata alibe siling'i. Ndikaika awa, denga liziyimba nyimbo yakeyake.”

Wogulitsa anaona kuti wakumana ndi kasitomala wa makutu. Anamutengera kukona komwe kunaima masipika awiri a matabwa, owonda, olemera, ofika m'chifuwa. Lililonse linali ndi pakamwa patatu. Kakang'ono pamwamba ka mawu oonda, monga mluzu ndi zitsulo za ng'oma. Kapakati ka liwu la munthu. Chachikulu pansi cha kugunda. Munthu uja anagogoda, thabwa linayankha mwakuya, mosabwebweta. Anafunsa za ampu yokankha mawu, kuti ikhale yolingana nawo mphamvu. Kenako anatulutsa flashi yakeyake m'thumba, ya nyimbo zimene anawoloka nazo malire a mayiko: magitala akale aja, ndi kwaya za kumudzi zoyimba popanda zida. Anati sangayese masipika ndi nyimbo za eni sitolo, koma ndi zimene khutu lake likuzidziwa.

Nyimbo itayamba, anakhala pa katoni n'kutseka maso. Anapendeketsa mutu. Anamva chala cha woimba gitala chikutsetsereka pa waya. Anamva mayi wina wa kwaya akukoka mpweya asanayambe ndime. Anamva ngakhale mwana akutsokomola kumbuyo kwa tchalitchi komwe anajambulira nyimboyo. Wogulitsa atati alankhule, iye anakweza dzanja.

“Chete! Munthu akamayimba sumudula pakamwa.”

Taonani, abale. Makutu anali nawo. Kudekha anali nako. Anakhala pa katoni paja mpaka dzuwa linapendeka, akumvetsera mabokosi awiri a matabwa monga Nangozo sanamvetseredwepo chikwatiwire.

Anagula amenewo. Wogulitsa anamulangiza kuti asakawagunditse kukhoma, awasiyire mpata wopumira. Akawatalikitse, onse awiri ayang'ane pampando wa mwini nyumba. “Mukakhala pakati mudzaiwala kuti pali masipika, madala. Mudzaona ngati munthuyo ali m'nyumba mwanu.” Ndipo anamuikira banyira: filimu ya karate, ya mtundu uja umene anyamata a m'tauni amauikira mawu a Chichewa, moti munthu wa kutsidya kwa nyanja, wa lupanga kumsana, amalankhula ngati wakulira ku Ndirande.

Loweruka linafika. Munthu uja anasesa, anakolopa, anagula fanta ndi mabanzi. Anayala mawaya. Sipika la kumanja linapeza malo ake bwinobwino. La kumanzere linasowa poima, chifukwa pamalo pake panali kampando ka Nangozo, kamene ankakhalapo posoka. Anakanyamula n'kukaika panja, pakhonde. Anati akabwezeretsa akapeza pena.

Kenako anatseka chitseko, anakhala pakati monga anamuuzira, n'kuyatsa filimu ija kuti ayese kamvedwe alendo asanafike.

Sipanapite nthawi, anamva liwu la bambo, lakuya, laulemu: “Odi kuno, eni nyumba!”

Anadzambatuka. Anamanga mabatani a jekete. Anatsegula chitseko akumwetulira. Pabwalo panali nkhuku ya aneba ikupalasa. Atacheuka anaona pa kanema munthu wa lupanga uja ataima pageti la nyumba ina, akudikira kuti amuyankhe. Munthu wathu anaseka mpaka misozi. “Koma ndagula! Mpaka kundidzutsa pampando!”

Koma filimuyo inali ndi vuto limodzi. Wa lupangayo ankafunafuna amene anapha mphunzitsi wake, ndipo ankafufuza nyumba ndi nyumba. Woika mawu uja, pokhala mwana woleredwa bwino, sanamulole kulowa paliponse osaodira.

Odi wina anamupeza munthu wathu ali kuchipinda akupesa tsitsi. Anathamanga, anakodwa pa waya, anadzuka, anatsegula chitseko atapinda kale mawondo, manja akuwomba. “Fikani alamu! Fikani mayi! Zonse ndakonza!”

Kutsidya kwa kanjira kunali mayi Kalinde, aneba ake, atakhala pa benchi yawo ya tomato. Anamuyang'ana, anayang'ana bwalo lopanda munthu, n'kufunsa kuti, “Aneba, mwayamba kulandira mizimu masana?”

Anatseka chitseko manyazi atamugwira. Koma wa lupanga sanatope. Anaodiranso, ndipo munthu wathu, ngakhale ankadziwa, miyendo inamudzutsa yokha. Ulendo uwu mayi Kalinde anali ataitana mnzawo woti aonere limodzi. Onse awiri anamuwombera m'manja.

Pamenepo analumbira. Anadziponya pampando, anavula nsapato, anagwira rimoti ngati chikwapu. “Wanditola mokwanira. Pano sindidzukanso.”

Tsono ndiime pang'ono pa liwu limeneli la odi. Amene tinakhalitsa kunja kwa dziko lino tinkalisowa ngati mchere. Kumeneko amadina belu, kapena amaimba foni ali pageti, injini ikulira. Kwathu kuno munthu amaima patali pang'ono ndi khomo, amavula chipewa, amanena odi, kenako amadikira. Chitseko chikhale chotsegula, salowa. Ndipo mkazi amene anachoka ndi dandaulo, tsiku lobwerera salowa ngati wachokera kumsika. Nyumba ndi yake, makatani anasoka ndi iye, kiyi ali naye pa mfundo ya chitenje. Koma tsiku limenelo amaima ngati mlendo, kudikira kuti amulandire.

Ndi mmene anaimira Nangozo masana amenewo, chikwama pamutu, mlongo wake ali patsogolo. Choyamba kuchiona chinali kampando kake pakhonde, dzuwa likukawomba.

“Achimwene, mpando wanga autulutsa.”

“Mwina amakolopa,” anatero a Ngozo. Anavula chipewa, anakonza kukhosi. M'nyumba munkamveka malupanga ndi akavalo. “Odi kuno, eni nyumba!”

Munthu uja anamva. Ndanena kale kuti makutu anali nawo. Anamva mpaka anadabwa kuti masipikawo akutha kuponya liwu kumbuyo kwake, ngati likuchokera kubwalo. Anagwedeza mutu moyamikira, kenako anakweza mawu kupitirira akavalo aja:

“Odira mpaka mawa, chitsiru iwe! Ulibe kwanu?”

A Ngozo anayang'ana mlongo wawo. Mlongo wawo anayang'ana pansi. Pokhala munthu woleza mtima, a Ngozo anati mwina khutu lawanamiza. Anamukodola Nangozo kuti ayese iye. Nangozo anatula chikwama, n'kunena motsitsa, “Odi.”

“Ehee!” linatero liwu la m'nyumba. “Tsopano wabwera ndi mkazi? Mtenge ubwerere naye komwe mwachokera! Muno ndakhala bwino ndekha!”

A Ngozo anavala chipewa. Nangozo anasenza chikwama. Anatembenuka n'kulowera njira ya kusiteji.

Mayi Kalinde anayamba angogwira pakamwa, kuseka kutawathera. Nzeru zitawabwerera anathamangira pawindo n'kuyamba kumenya galasi. Koma mufilimu nkhondo inali itafika pachimake, ndipo kumenya kwawo kunangolowa m'gulu la ng'oma. Akanamenya mpaka madzulo, magetsi akanapanda kuthima.

Anathima. Akavalo anafera m'njira. M'nyumba munagwa bata loti munthu n'kumva malata akuthetheka ndi dzuwa. M'bata limenelo munalowa liwu limodzi lokha:

“Aneba! Mwathamangitsa akazi anu!”

Munthu uja anatuluka wopanda nsapato, jekete pathupi, rimoti kumanja. Anadutsa pamsika ngati wakuba, moti ena anayamba kumuthamangitsa osadziwa chimene waba. Atafika pasiteji anapeza minibasi ya ku Lirangwe ikadali pomwepo, chifukwa minibasi sinyamuka isanadzaze. Kondakitala anali akukuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi. Nangozo anali pawindo, chikwama pamiyendo, maso kutsogolo.

Munthu uja anaima pansi pa windo, akupuma ngati galu. Chimene chinatuluka pakamwa pake chinali, “Odi.”

Anthu a m'minibasi anacheuka onse. Sanaonepo munthu akuodira galimoto.

A Ngozo anasuzumira. “Mlamu, mwatiuza kuti tibwerere komwe tachokera. Ndi kumene tikupita.”

“Alamu, pepani! Sindimanena inu. Ndimauza wa mufilimu.”

“Wa kuti?”

“Wa mufilimu, wa lupanga. Wakhala akuodira kuyambira m'mawa. Ndi masipika, alamu. Ndagula aatali, a matabwa, kuti mawu azimveka monga munanenera. Munati ndikonze kamvedwe!”

Bambo wina wa kumpando wakumbuyo anaseka mpaka anatsamwa chimanga. Mayi wina anati, “Mayo ine, amuna awa!” Ngakhale dalaivala anatsitsa wailesi kuti amve bwino. A Ngozo anayang'ana kudenga la minibasi ngati akufunsa Mulungu kuti anamulakwira chiyani kuti awapatse mlamu wotereyu.

Nangozo sanaseke. Anatsegula windo pang'ono n'kuyang'ana mwamuna wake kuyambira kumapazi afumbi mpaka ku rimoti.

“Ndiye kuti wa mufilimu mumamuyankha,” anatero. “Mumamudzukira, mumamutsegulira chitseko, mumakangana naye. Ine ndakhala m'nyumba imeneyo kuyambira ndili mtsikana, simunandiyankhepo mawu ochuluka ngati amene mwandiyankha lero. Ndipo nawonso sanali anga.”

Munthu uja anamva “eee” akukwera kukhosi, ndipo kwa nthawi yoyamba anamumeza. Anaika rimoti m'thumba. Anati, “Nenani, mayi. Ndikumva.”

Nangozo anayamba kunena. Ananena za denga. Ananena za mwana wa ku Mzuzu, amene anasiya kufunsa za bambo ake. Ananena za tsiku limene anachoka kuchipatala ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi, n'kumuuza, iye n'kuyankha kuti zili bwino. Mwamunayo anapendeketsa mutu, ndipo chilichonse chinalowa.

Koma pomwepo panafika mayi wina ndi dengu la nthochi, ndipo malo aja anadzaza. Kondakitala anamenya chitseko. “Mayi a pawindo, mukupita kapena mukutsala? Ife za banja sitikwezera mtengo.”

Nangozo anakonza chikwama pamiyendo. “Ndikupita,” anatero. Kenako anayang'ana mwamuna wake. “Ine ndaodira, mwandiyankha. Nkhani yanga sinathe. Mukaifuna, njira ya ku Lirangwe mukuidziwa. Mudzaodire inuyo.”

Minibasi inanyamuka. Munthu uja anatsala pasiteji, fumbi likumugwera pajekete, ogulitsa chimanga akumufunsa ngati masipikawo akugulitsa.

Abale anga, mwaseka, ndipo mwachita bwino. Koma tanthauzo lake ndi ili. Mtima wa munthu ndi nyumba, ndipo Mulungu amafika pakhomo pake monga mwa ulemu wa kwathu kuno. Kiyi ali naye, pakuti nyumbayo anamanga ndi iye. Koma sakankha chitseko. Amaima, amaodira motsitsa, amadikira. Kawirikawiri amabwereka liwu la munthu wapafupi: mkazi wako, mwamuna wako, mwana, mnzako wodwala, chikumbumtima chako chomwe.

Ife m'nyumbamo tadzazamo maodi ogula. Foni imaodira, tadzuka. Malonda amaodira, tadzuka. Wolonjeza chuma cha msanga amaodira, tadzuka titapinda kale mawondo. Tikatsegula, pabwalo palibe munthu. Tanamizidwa mpaka tatopa, mpaka talumbira kuti sitidzadzukanso. Ndiye tsiku limene woona wafika, timamuyankha ndi mkwiyo umene abodza aja anatipatsa. Sikuti sitikumva. Tikumva bwinobwino, koma tasiya kusiyanitsa liwu la m'bokosi ndi liwu la pakhomo.

Masipika si tchimo. Gulani abwino, a matabwa, ndipo muziitana ife achikulire tidzamvere nawo kwaya. Koma phunzirani kuzimitsa nokha, osadikira kuti magetsi akuthimireni. Filimu imabwezedwa m'mbuyo, wa lupanga n'kuodiranso. Liwu la pakhomo silibwezedwa. Mufunse aliyense pakati pathu amene mnzake wa m'nyumba anatsogola: alipo mawu amene tingapereke nyumba yonse kuti tiwamvenso, ngakhale atakhala a denga lodontha.

Munthu uja anapeza minibasi isanadzaze, ndipo chimenecho ndiye chisomo. Koma minibasi imadzaza. Lero, mukadali ndi woodira pakhomo panu, tsitsani phokoso, dzukani, mukatsegule.